Malamulo Akulu Sayenda Okha: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Nthambi



Malamulo akulu a dziko, aja timati Konsichushoni, ali ngati khasu. Likhale lakuthwa chotani, popanda wolisenza kupita nalo kumunda simudya nsima. Osenza khasu limeneli ndiwo oweruza.

Akulu-akulu akumbukira 1983, pamene a Orton Chirwa ndi akazi ao a Vera anazengedwa m'bwalo la mafumu ku Soche, osaloledwa loya, nalamulidwa kuti aphedwe. Masiku amenewo panalibe bwalo loti nkudzudzula Boma. Koma ndime 5 ya Malamulo a 1994 inena kuti lamulo liri lonse lotsutsana nao liribe mphamvu. Pakabuka mlandu wotere oweruza a High Court amakhala atatu kapena kuposa, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tamvani za vakabu. Lamulo limeneli anatisiyira ndi atsamunda, ndipo kholo lake ndi lamulo la ku England la 1824. Mu March 2015 apolisi anagwira a Mayeso Gwanda m'bandakucha, ali pa ulendo wa ku Limbe kukagulitsa majumbo. Sanabe, sanamenye munthu. Mlandu wao unali kulawira. Iwo anakana kungogonja, nkhani nifika ku bwalo lalikulu ku Blantyre. Pa 10 January 2017 oweruza atatu anagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a zilango ichotsa munthu ulemu ndi kuzunza osauka, naithetsa. Inu amene mumadzuka tambala asanalire ndi dengu la tomato kupita ku msika wa Limbe, mlandu umenewu unali wanu.

Bwalo lomweli siliopa akulu. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha Pulezidenti cha 2019 chifukwa cha mapepala ofufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo dziko linavotanso pa 23 June.

Tsono dziwani ichi: oweruza sayendera midzi kufuna-funa milandu. Amadikira wodandaula. A Gwanda akadangoti ndi mmene ziliri, vakabu ikadatsala. Chifukwa chake mnzathu akagwidwa popanda chifukwa, mlembi wa nthambi alembe tsiku, malo ndi mboni, ndipo abale apite ku Legal Aid Bureau, kumene osauka amapatsidwa loya. Mlandu suola.