NKHATA YA KUMUTU YOPEZA MONYENGA



Paulo Woyera ankadziwa za masewero. Pafupi ndi mzinda wa Korinto pankachitika mipikisano yaikulu, ndipo wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba kumutu. M'kalata yake yachiwiri kwa Timoteo, mutu 2, mtumwiyu akutikumbutsa kuti nkhatayo ndi ya munthu amene wapikisana motsata malamulo. Tiyeni lero tisinkhesinkhe mau amenewa poyang'ana mpikisano wa njinga.

Ku France kuli mpikisano wotchedwa Tour de France, umene unayamba m'chaka cha 1903. Anyamata amapalasa njinga masabata atatu, mtunda wopitirira makilomita 3,000, kukwera mapiri ataliatali. Timu iliyonse imalipiridwa ndi kampani imene imalemba dzina lake pa malaya a opalasawo. Kampani ifuna kuti dzinalo lioneke patsogolo, wopalasa naye aopa kuchotsedwa ntchito. Apa ndi pamene chinyengo chimalowera.

Pa 13 July 1967, Tom Simpson wa ku England, wa zaka 29, anagwa pa njinga akukwera phiri la Ventoux dzuwa likuswa mtengo, ndipo anamwalira tsiku lomwelo. M'thupi mwake anapezamo mankhwala obisa kutopa pamodzi ndi mowa. Abale anga, kutopa ndi mlonda amene Mulungu anaika m'thupi kuti atiuze kuti, basi, pumula. Wotseka pakamwa mlondayo akusewera ndi moyo umene anangobwerekedwa.

Pambuyo pake kunabwera EPO, mankhwala opangira odwala osowa magazi. Munthu wabwinobwino akadzibaya nawo, magazi amanyamula mpweya wochuluka ndipo satopa msanga. Koma magaziwo amalimba, mtima nuvutika powapopa. Lance Armstrong wa ku America anapambana Tour de France kasanu ndi kawiri, kuyambira 1999 mpaka 2005, akukana kwamtuwagalu kuti sagwiritsa ntchito mankhwala. Mu 2012 analandidwa ulemu wonsewo, ndipo mu 2013 anavomera yekha pa wailesi yakanema. Akuluakulu anati choipa chitsata mwini.

Onani kuti tchimo limodzili likuphwanya malamulo atatu: lachisanu, pakuononga thupi, lachisanu ndi chiwiri, pakuba mphotho ya mnzako, lachisanu ndi chitatu, pakunama. Ndipo bodza lotere silikhala la munthu mmodzi. Pafunika dokotala wobaya, wonyamula mankhwala, ndi anzake ambiri okhala chete.

Koma analipo wina amene anakana. Christophe Bassons wa ku France anali m'timu ya Festina, imene inagwidwa ndi mankhwala mu 1998, koma iye sanawalole m'thupi mwake. Pa mpikisano wa 1999 analemba m'nyuzipepala kudzudzula chinyengochi. Opalasa anzake anamusala, naleka kumulankhula, mpaka anachoka mpikisano uli m'kati. Sanavale malaya achikasu a wopambana. Komabe ndikufunsani: mwa awiriwa, Armstrong ndi Bassons, ndani angathe kuyang'ana ana ake m'maso posimba za unyamata wake?

Inu makolo ndi inu aphunzitsi a katekisimu, mwana akabwera ku mpira kapena ku mayeso, funso loyamba lisakhale lakuti, wapambana kodi? Mufunseni ngati wachita moona. Mwana amene aona kuti kwao amakondedwa pokhapokha akapambana, adzafuna njira yachidule, ndipo adzaipeza. Muuzeni za Bassons, kuti adziwe kuti kunena zoona kumatha kumusiya munthu yekha, ndi kuti Yezu mwini anasiyidwa yekha chifukwa cha choonadi.

Ndipo inu amene chikumbumtima chikukutsutsani, musadikire kugwidwa. Pitani ku sakramenti la kulapa, ndi kubweza zimene munatenga monyenga.

Ambuye, tipatseni mtima wolola kugonja moona koposa kupambana monama, kuti tidzalandire kwa Inu nkhata yosafota. Amen.