KAVALO, MBIDZI NDI BULU: KODI MBIRI YA CIWETO IRI YOONA?

Phunziro la lero lipita makamaka kwa anzathu a m'boma la Mambwe, ku Malambo, m'cigwa ca Luangwa: a kwa Jumbe, kwa Mnkhanya, kwa Kakumbi, kwa Nsefu, kwa Msoro ndi kwa Malama. Tikamba za kavalo, nyama imene ambiri a inu munaiona pa zithunzi pokha. Mwina mufunsa kuti, "Tiphunzirirenji za ciweto cimene kwathu kulibe?" Cifukwa cake ndi ici: nkhani ya kavalo itiphunzitsa kusankha ciweto ndi maso athu, osati ndi mbiri imene anthu amacinenera.

Ku Britain ndi ku Ireland kuli kavalo amene eni ake amamucha cob. Dzinali likunena za maumbidwe a thupi koposa mtundu. Cob ndi kavalo wa miyendo yaifupi, mafupa okhuthala, cifuwa cacikulu ndi khosi lolimba. Kumeneko msinkhu wa kavalo amaupima ndi manja, kucokera pansi kufikira pamwamba pa mapewa. Dzanja limodzi ndi mainchesi 4, ndiko kuti masentimita 10 ndi pang'ono. Cob wambiri amafika manja 15, kapena masentimita 152. Wochuka kopambana ndi wa ku Wales, kumene alimi anapanga bungwe lolemba maina ndi makolo a akavalo ao mu 1901. Winanso ndi uja wa mawanga akuda ndi oyera, wa ubweya wautali kumapazi, amene anali kukoka ngolo zogonamo za mabanja oyendayenda. Akavalo otere amagulitsidwa ambiri pa msika wa ku Appleby, ku England, mwezi wa June caka ndi caka.

Nanga anthu amamukonderanji cob? Coyamba, agwira nchito ziwiri: munthu angathe kumkwera, ndiponso angathe kummanga pa ngolo. Caciwiri, sadya zambiri. Amanenepa ndi msipu umene kavalo wa mpikisano angaonde nao. Cacitatu, pokhala wamfupi, sabvuta kukwera, ngakhale kwa nkhalamba. Cacinai, ambiri a iwo ali ndi mtima wofatsa, sadzidzimuka wamba.

Koma tamverani tsono zimene anthu amanena. Ena amamunyoza cob, amati ndi waulesi, woyenera okhawo osadziwa kukwera. Ena amamtama mopitirira, amati cob aliyense ndi wofatsa ngati nkhosa. Akavalo a mitundu ina naonso anawapatsa mbiri zao. Amati Thoroughbred, kavalo wa mpikisano wothamanga, ali ndi mtima wapacala. Amati kavalo wa ku Arabia ndi wonjenjemera. Amatinso kavalo wamkazi wa ubweya wofiira ndi waukali.

Kodi zimenezi ziri zoona? Mbali ina inde. Kwa zaka mazana, oweta Thoroughbred anasankha akavalo aliwiro okhaokha kuti abereke, pamene oweta cob anasankha amphamvu ndi opirira. Mwana amatengadi za makolo. Komabe kavalo aliyense ali ndi khalidwe lakelake, monga ana a mai mmodzi amasiyana. Cob wa ku Wales amadziwika ndi kuyenda mwacangu, ndipo ulesi alibe. Za ubweya wofiira, akatswiri a pa yunivesite ya Sydney, ku Australia, anafufuza, ndipo mu 2016 analengeza kuti sanapeze umboni wakuti akavalo ofiira ndi obvuta kuposa anzao.

Mbiri yabodza imapweteka. Bambo akagulira mwana wake cob wosaphunzitsidwa, pokhulupira kuti onse ndi ofatsa, wapereka kwa mwanayo nyama yolemera pafupifupi makilogalamu 500 imene siidziwa cingwe. Wina akamdyetsa mopitirira cifukwa comkonda, kavaloyo amanenepa nadwala ziboda, mpaka kulephera kuyenda. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tibwere kwathu ku Malambo. Tinene kuti mlimi wa kwa Msoro wagulitsa thonje lake, ndipo afuna kugula cob wabwino kopambana. Kodi angacite bwino? Iai. Cifukwa cake inu ana mucidziwa, pakuti cinakulumanipo: ndi kashembe. Nchenche imeneyi ikaluma njiri, mbawala kapena njati, imatenga tizirombo tating'onoting'ono tokhala m'magazi a nyamazo. Nyama za kuthengo zinazolowera tizirombo timeneti ndipo sizidwala kwenikweni. Koma kashembe akatipatsira kwa ng'ombe, galu kapena kavalo, ciwetoco cimatentha thupi, cimaonda, magazi amacepa, ndipo cikapanda mankhwala cimafa. Mwa ziweto zonse, kavalo ali m'gulu la zosacedwa kugonja.

Amene anaonetsa kuti kashembe ndiye amanyamula tizirombo topha ziweto ndi dotolo David Bruce, ku Zululand, mu 1895. Cigwa cathu naco ciri ndi malo m'mbiri imeneyi. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza mtundu wina wa kacirombo koyambitsa kaodzera m'magazi a Mzungu amene anadwalira m'cigwa ca Luangwa. Mu 1912 anzao ena awiri, Kinghorn ndi Yorke, akugwira nchito m'cigwa momwemo, anatsimikiza kuti kashembe wa m'chire lathu ndiye amafalitsa kacirombo kameneka. Ndico cifukwa cake Azungu oyamba, ngakhale kwao anali okonda akavalo, kuno anali kuyenda pansi, pa macila kapena pa njinga.

Komatu kavalo ali ndi mbale wake amene akhala bwino m'cigwa muno: mbidzi. Mbidzi za ku Luangwa ziri ndi mizere yopyapyala yofika mpaka ku ziboda. Akatswiri apeza kuti nchenche zoluma zimalephera kutera bwino pa thupi la mizere yotere. Poona kuti mbidzi ipirira matenda opha akavalo, Azungu ena anayesa kuiweta. Walter Rothschild, munthu wacuma wa ku England, anayendapo m'miseu ya London pa ngolo yokokedwa ndi mbidzi, ndipo Ajeremani anayesanso ku Tanganyika. Koma nchitoyo siinapite patali. Mbidzi inakulira pakati pa mikango. Imaluma, imaponda, ndipo msana wake suyenera katundu wolemera. Apa mbiri inapezeka yoona, koma onani kuti anaidziwa atayesa.

Mbale wina wa kavalo ndi bulu, ndipo palibe ciweto conamiziridwa ngati iye. Timati munthu wopusa ndi bulu. Timati bulu ndi wamakani. Zoona zake ndi izi: kavalo akaopa amathawa, koma bulu akaopa amaima nji, nayang'anitsitsa. Akakana kuoloka mtsinje wodzala kapena kuponda pa matope, sikuti ndi wopusa ai; waona ngozi. Bulu amadya udzu wouma umene kavalo sangakhute nao, amapirira dzuwa, ndipo akasamalidwa amakhala zaka 30. Pa nchito yotuta madzi, nkhuni ndi matumba a cimanga, iye ndiye cob wathu wa kuno: wamfupi, wamphamvu, wosadya zambiri, koma wonyozedwa.

Tisamtamenso mopitirira, kuopa kugwa m'mbuna yomwe ija. Bulu nayenso amadwala akalumidwa ndi kashembe, motero woweta ayenera kuyamba wafunsa alangizi a ziweto ngati dera lake liri loyenera. Ndiponso bulu sakoka ndi khosi monga ng'ombe. Mphamvu yake iri pa cifuwa. Goli la ng'ombe limamtupula zironda, ndipo bulu wa zironda akakana kuyenda, timamkwapula tikunena kuti ndi makani.

Tsono pofuna kusankha ciweto, funsani mafunso atatu. Kodi cingakhale ndi moyo kwathu kuno? Kodi cingagwire nchito imene ndifuna? Nanga ici cimene ciri pamaso panga, khalidwe lake ndi lotani? Dzina la mtundu lingakuuzeni pang'ono cabe. Zotsala mudzaziona ndi maso.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa, thandizani ana pa nchito izi:

1. Pimani manja 15 pa cipupa ca kalasi, ndipo ana aime pamenepo kuti aone msinkhu wa cob.
2. Ana achule zifukwa zinai zimene anthu amakondera cob.
3. Afotokoze njira imene matenda amacokera kwa njiri kufika kwa ciweto.
4. Afunse akuluakulu kumudzi zimene anthu amanena za bulu, mbuzi ndi galu, ndipo mawa akambirane kuti zoona ndi ziti, zongonamizira ndi ziti.