Imfa za Anthu a Msinkhu Wapakati mu Chitungwiza

Nthenda zimene zikutha amuna ndi akazi a msinkhu wapakati mu Chitungwiza zasintha mu mbadwo umodzi wokha. Cha m'ma 1997, pamene munthu wamkulu mmodzi mwa anayi alionse m'Zimbabwe anali ndi kachirombo ka HIV, Edzi pamodzi ndi chifuŵa chachikulu zinagwetsa iwo amene ankadyetsa mabanja ku Zengeza, Seke ndi St Mary's, ndipo ana a Amalaŵi obwera kudzagwira ntchito sanasiyidwe. Mankhwala a ARV atayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, maliro otereŵa anayamba kuchepa. Kolera ya 2008, imene inabuka mu Chitungwiza momwemo chifukwa cha madzi oipa, inapha anthu opitirira 4,000 m'dziko lonse, koma inatha mu 2009.

Nthenda zimene zikukula tsopano sizichita phokoso: kuthamanga kwa magazi, shuga, ndi khansa ya khomo la chiberekero, imene iposa khansa zonse pakati pa amayi. Mkulu wa mpingo angathe kulalikira Sabata lililonse osadziŵa kuti magazi ake akwera, kufikira tsiku limene adzagwa nafa ziŵalo. Za chiberekero, manyazi ndiwo achedwetsa amayi kukayezetsa. Tsono Sinodi ilingalire zoitana anamwino a mumpingo kuti aziyeza Akhristu mapemphero akatha, kuyambira abusa eniake.