MUTU UMODZI SUSENZA DENGA: OFUFUZA ZA ULIMI KU MAIKO OUMA

M'caka ca 2024 Boma la Zambia linalengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Cimanga cinapserera m'minda, madzi a ku Kariba anacepa, ndipo magetsi anazima m'makomboni. Wa pamgodi amene anayesa ulimi nkhani ya akumudzi okha anaona pa mtengo wa ufa kuti njala ifika ndi m'tauni momwe.

Nanga dziko louma licira bwanji? Citsanzo cabwino cicokera ku Niger, m'mphepete mwa cipululu ca Sahara. Kumeneko akatswiri anabzala mitengo yambiri, koma yoculuka inafa ndi dzuwa ndi mbuzi. Mu 1983 mlangizi wa ulimi wa ku Australia, Tony Rinaudo, anazindikira kuti tizitsamba ta m'minda ya ku Maradi tinali mphukira za zitsa zamoyo. Mlimi akasankha mphukira zowerengeka nasadza zina, mtengo ukula msanga, pakuti mizu yace inazama kale.

Koma nzeru ya mitengo yokha sinakwanire. Malamulo akale anayesa mitengo cuma ca Boma, cotero mlimi sanaone phindu lakuisunga. Pamene alimi anayamba kuyesedwa eni ace a mitengo ya m'minda mwao, nchitoyo inafalikira. Pambuyo pace odziwa kuwerenga zithunzi zojambulidwa kucokera kumwamba anapeza kuti mahekitala pafupifupi 5 miliyoni anameranso mitengo. Wambiri mwa iyo ndiwo msangu, umene umeranso ku Zambia: uyoyola masamba m'dzinja, ulemeretsa nthaka, ndipo sucititsa mthunzi pa mbeu.

Apa mpoonekera kuti wofufuza wotere afunika kudziwa zambiri: nthaka, mvula, ziweto, misika, malamulo ndi miyambo ya mafumu pa malo. Sangazidziwe zonse yekha, koma ayenera kumvana ndi akatswiri anzace, ndiponso kukhala pansi ndi kumvera nkhalamba imene yalima munda umodzi moyo wace wonse.

Maphunziro otere apezeka ku University of Zambia ndi ku Natural Resources Development College mu Lusaka. Malo ofufuzira ali ku Mount Makulu ndi ku Msekera, kufupi ndi Chipata. Cifukwa cace kholo limene mwana wace asankha za ulimi lisanene kuti ndalama za sukulu zatayika. Nsima ya pamgodi icokera m'manja mwa ana otere.