Buledi, Mkaka ndi Mimba Zathu: Yezetsani Musanasiye

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa ophunzira akale analankhula pa msonkhano wathu wa pachaka umene unachitikira ku Mpingwe, Limbe. Tawasindikiza onse chifukwa ambiri anapempha kuti atero.

Ndithokoze komiti pondipatsa mpata woti ndikambepo nkhani imene ambiri timachita nayo manyazi pagulu, nkhani ya m'mimba. Ine si dokotala ayi. Ndine wodwala amene anapeza thandizo, ndipo paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Uthenga wanga ndi umodzi: ngati mukukayikira kuti buledi ndi amene akukudwalitsani, pitani mukayezetse musanamusiye. Ndifotokoza chifukwa chake, kenaka ndikambapo za mkaka ndi za kadyedwe.

Mu tirigu muli chinthu china chotchedwa gluten. Ndi chimene chimachititsa kuti ufa wa tirigu ukakandidwa uzimata ndi kutanuka. Gluten amapezekanso mu balere ndi mu mbewu ina ya kunja yotchedwa rye. Kwa anthu ambiri gluten ndi chakudya ngati china chilichonse. Koma pa dziko lonse lapansi, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse ali ndi matenda otchedwa celiac, ndipo kwa iyeyo gluten ndi mdani.

Amene munkamvetsera m'kalasi ya sayansi mukukumbukira kuti m'kati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tambirimbiri toima ngati ubweya wa thawulo latsopano. Timeneti ndi timene timayamwa chakudya kuti chilowe m'magazi. Munthu wa celiac akadya gluten, asilikali a m'thupi mwake amaukira matumbo ake omwe, timinofu tija nkutha, malo nkusala see ngati thawulo lakale. Apo munthu amadya koma chakudya chimangodutsa. Amatsekula m'mimba kawirikawiri, mimba imatupa, magazi amachepa, amaonda ndi kufooka. Mwana amapinimbira. Ena amatuluka tizilonda toyabwa kwambiri m'zigongono ndi m'maondo, ena mafupa amafooka, ndipo ena sadandaula za m'mimba konse koma magazi okha ndi amene sakwera.

Matendawa si atsopano. Dokotala wina wa ku London, Samuel Gee, anawafotokoza bwino m'chaka cha 1888, koma sanadziwe chimene chimawayambitsa. Anadzatulukira ndi dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke. Pa njala imene inagwa m'dzikolo mu 1944 ndi 1945, nthawi ya nkhondo, buledi anasowa, ndipo ana odwala matendawa anayamba kupeza bwino. Buledi atabweranso anawo anayambanso kudwala. Mu 1950 Dicke analemba zimene anapeza, kuti vuto lili mu tirigu. Kenaka mu 1997 akatswiri a ku Germany anapeza chimene asilikali a m'thupi amalimbana nacho, ndipo apa ndi pamene panachokera njira yoyezera magazi imene tikugwiritsa ntchito lero.

Wina anganene kuti amenewa ndi matenda a azungu. Sizili choncho ayi. Mu 1999 kafukufuku wa pakati pa ana a mtundu wa Saharawi, okhala m'misasa ya othawa kwawo ku Algeria, anapeza kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 18 alionse anali ndi zizindikiro za matendawa m'magazi. Chakudya chawo chenicheni chinali ufa wa tirigu. Kumpoto kwa India nakonso matendawa ndi odziwika. Kwathu kuno makolo athu ankadya nsima, mawere, mapira ndi chinangwa, tsono ngakhale munthu akanabadwa ndi mtundu wa matendawa panalibe chowadzutsa. Koma taonani mmene tikudyera m'tauni lero. Mmawa tiyi wa buledi, pa bureki mandasi, masana samusa kapena chapati mu Limbe, madzulo mabisiketi kwa ana. Tirigu walowa m'nyumba zathu.

Ine ndinadwala zaka 4. Ndinataya makilogalamu 11, ndipo mukudziwa nonse zimene anthu amanong'onezana kwathu kuno munthu akamaonda ndi kutsekula m'mimba. Ena anayamba kundipatsa moni wachisoni. Ndinayezetsa HIV, chifuwa chachikulu ndi njoka za m'mimba, osapezeka kanthu. Madokotala anachita bwino kuyamba ndi zimenezo, pakuti ndi zimene zimavuta anthu ambiri kuno, ndipo zonsezo zili ndi mankhwala. Ma ARV aboma anayamba kuperekedwa ulere mu 2004. Koma mapiritsi oonjezera magazi ndinamwa mpaka kutopa nawo, magazi osakwera. Tsiku lina dokotala wina anandifunsa zimene ndimadya kuyambira mmawa mpaka usiku, ndipo atamva anati, “Pitirizani kudya buledi wanuyo, tikuyezeni kaye.”

Kuyeza kwake kumayenda motere. Poyamba amatenga magazi nkuyang'ana asilikali otchedwa tTG-IgA. Amayezanso kuchuluka kwa IgA yense m'thupi, chifukwa alipo anthu amene mwachibadwa ali ndi IgA wochepa, ndipo kwa iwowo zotsatira zimatha kuoneka zabwino matenda alipo. Magazi akaonetsa vuto, dokotala amalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera m'kamwa mpaka kuchiyambi kwa matumbo aang'ono, nkubudula timinofu tochepa toti akationere pa makina. Ntchito yoyang'ana m'mimba ndi kapaipi imachitika pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu Blantyre muno. Ine magazi anga anachita kutumizidwa ku South Africa ndipo ndinadikira milungu 2. Funsani dokotala wanu akuuzeni kumene mungayezetse ndi mtengo wake.

Tsono mvetsetsani apa. Mukasiya tirigu musanayezetse, asilikali aja amachepa m'magazi ndipo matumbo amayamba kupola. Dokotala akayeza sapeza kanthu, inu nkubwerera kunyumba opanda yankho. Kuti akuyezeninso amakuuzani kuti mudye tirigu tsiku lililonse kwa milungu yosachepera 6, kutanthauza kudzidwalitsanso dala. Komanso kudziwa zoona kuli ndi phindu lake. Wa celiac ayenera kusala gluten moyo wake wonse, ngakhale nyenyeswa. Alipo ena amene tirigu amangowatupitsa mimba koma matumbo awo ali bwino, ndipo amenewo safunika kusala kolimba chotero. Chachiwiri, matendawa amayenda m'magazi a ku mtundu: pafupifupi mmodzi pa 10 mwa ana, makolo ndi abale a bere limodzi a wodwala amakhalanso nawo, choncho nawonso ayenera kuyezedwa. Chachitatu, ife tikukula. Munthu wa msinkhu wathu akamaonda, akamaona magazi m'chimbudzi, kapena kachitidwe ka chimbudzi kakasintha, nthawi zina ndi khansa ya m'matumbo. Kungosiya buledi nkukhala pakhomo ndi kuipatsa nthawi.

Nkhani ya mkaka ndi ina, ndipo imeneyi ikukhudza ambiri muno. Mu mkaka muli shuga wotchedwa lactose, ndipo matumbo amamugaya ndi chinthu chotchedwa lactase. Khanda limakhala ndi lactase wambiri, koma mwa anthu ochuluka amayamba kuchepa mwana akaleka kuyamwa. Pafupifupi akuluakulu awiri mwa atatu alionse pa dziko lapansi ali otero, ndipo ife a kuno ambiri tili m'gulu limenelo. Amene amagaya mkaka bwino mpaka kukalamba ndi anthu a kumpoto kwa Ulaya ndi mitundu yoweta ng'ombe kuyambira kalekale, monga Amasai ndi Afulani. Shuga uja akapanda kugayika amakafufuma m'matumbo aakulu, mimba nkumalira, mpweya nkuchuluka, munthu nkuthamangira kuseri. Amene tinkagona m'hositelo imodzi tikudziwa zimene zinkachitika tsiku la phala la mkaka.

Kusiyana kwake ndi celiac nkwakuti vuto la mkaka siliononga matumbo. Ambiri amatha kumwa kapu imodzi pa tsiku popanda chovuta, makamaka akamwera pa chakudya. Chambiko, yogati ndi tchizi zimavuta pang'ono poyerekeza ndi mkaka wamadzi. Pa mkaka pokha mukhoza kudziyesa nokha: usiyeni milungu 2, kenaka muyambenso, muone kusintha. Dziwaninso kuti lactase amakhala kunsonga kwa timinofu tija, choncho wa celiac kawirikawiri mkaka umamuvutanso mpaka matumbo atapola. Ine ndinausiya chaka chathunthu, lero ndimathira pang'ono mu tiyi. Koma mwana akamwa mkaka wa ng'ombe nkutuluka zidzolo, kusanza kapena kubanika, amenewo ndi matenda ena, thamangani naye ku chipatala. Ndipo mayi asasiye kuyamwitsa chifukwa cha zimene ndanenazi.

Nanga munthu wotere adya chiyani? Apa ndi pamene ife Amalawi tili ndi mwayi. Celiac alibe mapiritsi kapena jakisoni, mankhwala ake ndi chakudya, ndipo chakudyacho chili kale pakhomo pathu. Nsima ya ufa woyera kapena mgaiwa, kondowole, mpunga, mawere, mapira, mbatata, kachewere, chinangwa, nthochi, nyemba, nandolo, mtedza, nsomba, nyama, mazira ndi masamba, zonsezi mulibe gluten. Thobwa la chimanga ndi chimera cha mawere kapena mapira ndi labwino. Anzathu a ku Ulaya amagula ufa wapadera pa mtengo wokwera, ife timangopita ku msika wa Limbe ndi ku chigayo. Amene wasiya mkaka apeze kashiamu wolimbitsa mafupa mu usipa ndi matemba odyera limodzi ndi minga, mu bonongwe, ndi mu phala la mawere.

Chovuta ndi tirigu wobisala. Amakhala m'masoseji ambiri, mu supu wa m'mapaketi, mu nkhuku ndi nsomba zoviika mu ufa pokazinga, ndi mu mowa wa m'mabotolo umene amafulula ndi chimera cha balere. Zitumbuwa ndi chigumu mwachikhalidwe ndi za ufa wa chimanga, koma ena amasakanizamo fulawa, kapena amakazinga zitumbuwa m'mafuta amene atulutsamo mandasi. Tchipisi cha pa chiwaya nacho funsani chimene chinakazingidwamo. Pogula za m'sitolo werengani pa paketi, ndipo mukaona mawu akuti wheat, barley, rye kapena malt, bwezerani pa shelefu. Malamulo a zakudya a dziko lonse a Codex a mu 2008 amati chakudya chotchedwa chopanda gluten chisapyole mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Muone kuchepa kwake. Ndi chifukwa chake kunyumba kwanga ndili ndi mpeni wanga, sefa yanga ndi majarini anga. Za mkate wa ku tchalitchi, umene ndi wa tirigu, kambiranani ndi abusa kapena ansembe anu. Safunsa anadya phula.

Ndimalize ndi zopempha zitatu. Choyamba, pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa misonkhano ngati uno, mnzathu akakana keke kapena sikono tisamati ndi matama, ndipo tisamukakamize kuti angolawa pang'ono. Pang'ono pomwepo ndi pamene pamamugoneka. Chachiwiri, amene muli ndi ana ndi adzukulu osakula bwino, a magazi ochepa nthawi zonse, ndipo zoyeza zina zonse sizikuonetsa kanthu, tchulani dzina la celiac kwa dokotala, koma mwanayo apitirize kudya monga mwa masiku onse mpaka atayezedwa. Chachitatu, ndikupempha komiti kuti pamene tikukambirana ndi a hedimasitala za thandizo lathu ku sukulu, tifunsenso mmene ana a vuto la zakudya akusamalidwira ku khitchini. Mbatata yophika m'malo mwa buledi siingaboole thumba la bungwe lathu, koma ikhoza kusunga mwana m'kalasi.

A Wapampando, ndatha nthawi yanu. Amene muli ndi mafunso ochititsa manyazi mundipeze panja tikatuluka.