Makina Alemba, Munthu Ndiye Ayankha Mlandu



Lero, pa 1 Meyi, tikumbukira Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete. Chikondwerero chimenechi anachikhazikitsa ndi Apapa Pius XII m'chaka cha 1955, kuti Akhristu asaiŵale ulemu wa ntchito. Kale makina ankalanda ntchito za manja. Tsopano afika pa ntchito za mutu: ya mlembi wa mu ofesi, ya womasulira zinenero, ya loya, ngakhale ya mphunzitsi.

Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatulukira, munthu atha kufunsa kompyuta kuti imulembere kalata, ndipo imalize iye asanamwe tiyi wake. Kodi zimatheka bwanji? Makina ameneŵa anawadyetsa zolemba zosaŵerengeka, ndipo anaphunzira kulosera mau oyenera kutsatira mau anzake. Sachita manyazi akanama, pakuti alibe chikumbumtima. Mu 2023, ku New York, woweruza analipitsa maloya ena madola 5,000 chifukwa anapereka ku bwalo milandu yakale imene siinachitikepo. Makina ndiwo anaipeka. Makolo athu adanena: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo taonani, chindapusa chinagwera anthu, osati makina.

Motero ntchito ya ambiri yasintha nkhope. Amene dzulo ankalemba yekha, lero akhala woŵerenga, wokonza ndi wotsimikiza zimene makina alemba. Udindo umenewu si wochepa. Koma mtima wathu uli pa achinyamata. Mwana amene makolo anagulitsa fodya ndi mbuzi kuti aphunzire, ankayamba ndi tintchito tating'ono, nakula m'luso pang'onopang'ono. Tintchito timeneto makina akatitenga, adzaphunzirira pati kuzindikira cholakwa? Ndipo akapuma akuluakulu a lero, adzakonza zolakwa za makina ndani?

Eklezia sanakhale chete. Apapa Leo XIII analankhulira antchito a m'mafakitale m'kalata ya Rerum Novarum mu 1891. Apapa Yohane Paulo II, mu Laborem Exercens ya 1981, anatiphunzitsa kuti ntchito ilandira ulemu wake kuchokera kwa munthu woigwira. Mu Januwale 2025 likulu la Mpingo linatulutsa chikalata cha Antiqua et Nova chokhudza nzeru za makina, ndipo Apapa Leo XIV, atangosankhidwa mu Meyi chaka chomwecho, anafotokoza kuti posankha dzina lao anaganiziranso za kusintha kumeneku.

Nanga ife tichite chiyani? Inu olemba anzanu ntchito, musanachotse munthu, yambani mwamphunzitsa chida chatsopanochi. Kumbuyo kwake kuli banja. Inu antchito, musachiwope chidachi, koma musaikenso dzina lanu pa zimene simunaŵerenge. Inu makolo, onetsetsani kuti ana alemba okha ntchito ya kusukulu, pakuti nzeru yosaikhetsera thukuta siikhala m'mutu. Ndipo ife ansembe, pamodzi ndi inu akatekisti, tidziyese: makina atha kutikonzera phunziro la katekisimu, koma sanakhalepo pamaliro, sadziŵa dzina la mai wamasiye wa mu mphakati wathu, ndiponso sapemphera.

Yosefe Woyera, mtetezi wa antchito, mutipempherere. Amen.