Uthenga Usafere m'Nthambo

 Nkhani imene ndabwera nayo imaoneka yaing'ono poiyerekeza ndi ya misewu kapena ya madzi, koma ndiyo imasenza nkhani zina zonsezo kupita nazo kwa anthu. Ndikunena za zimkuzamawu, maikolofoni ndi makina ojambulira mawu ndi zithunzi, amene timagwiritsa ntchito pamisonkhano ya ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Mfundo yanga ndi imodzi: pa zonse zimene timakonzekera, mawu ayenera kukhala patsogolo, pakuti msonkhano umene anthu sadaumve uli chimodzimodzi ndi msonkhano umene sudachitike.

Ena angaganize kuti iyi ndi ntchito ya anyamata onyamula nthambo okha. Koma tikumbukire kuti m'zaka za 2022 ndi 2023 mliri wa kolera udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo sukulu za mumzinda wa Blantyre zidachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy adakokolola matope ndi miyala paphiri la Soche, n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Pa nthawi zotere, chimene chimafika msanga kwa mayi amene ali pamsika kapena pampopi ndi mawu a pa chimkuzamawu. Mawuwo akangomveka ngati phokoso, mayiyo sadziwa kumene angakalandire mankhwala othira m'madzi, kapena sukulu imene angathawireko ndi ana ake.

Choyamba, tikambe za kaikidwe ka zimkuzamawu. Kulira koboola makutu kuja kumabwera pamene mawu otuluka m'chimkuzamawu alowanso m'maikolofoni, n'kumangozungulira ndi kukulirakulira. Mankhwala ake ndi apafupi: zimkuzamawu ziime kutsogolo kwa woyankhula ndipo ziyang'ane kwa anthu, osati kumbuyo kwa tebulo la akuluakulu. Muzikweze pamwamba kupitirira mitu ya anthu, chifukwa matupi ndi zovala zimameza mawu. Mukaziika pansi, a kutsogolo amagontha pamene a kumbuyo sakumva kanthu. Musazilozetse kukhoma la sukulu kapena la tchalitchi, pakuti khoma limabweza mawu. Dziwaninso kuti mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Mukaika zimkuzamawu kumapeto awiri a bwalo lalikulu, zoyang'anizana, munthu amene ali pafupi ndi chimodzi amamva liwu lililonse kawiri, lachiwirilo litachedwa, ndipo satolapo chiganizo. Zonse ziyang'ane mbali imodzi.

Pali chizolowezi china chimene chawonongetsa ndalama zambiri, ndicho cholumikiza zimkuzamawu zambiri pa ampulifaya imodzi poganiza kuti mawu apita kutali. Werengani zolembedwa kumbuyo kwa zipangizozo. Zimkuzamawu ziwiri za ma ohm 8 zikalumikizidwa pamalo amodzi zimakhala ma ohm 4, ndipo zinayi zimatsika kufika pa 2. Ampulifaya zambiri sizipirira kutsika kupitirira 4; zimatentha, zimazima pakati pa msonkhano, mwinanso kupseratu. Safunsa adadya phula: ngati manambalawo sakumveka, funsani mmisiri musanalumikize.

Chachiwiri, maikolofoni. Woyankhula, kaya ndi mkulu chotani, auzidwe mwaulemu msonkhano usanayambe kuti maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa, pamtunda wa chikhatho chimodzi, ndiye kuti masentimita 10 kapena 15. Mtundawo ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu olowa imatsika ndi 6 dB, ndipo woyendetsa makina akafuna kubwezeretsa mwa kukweza, kulira kuja kumayamba. Musafumbate mutu wa maikolofoni ndi dzanja, musaimenye, ndiponso musaiuzire mpweya poiyesa. Kungoyankhula ndi kokwanira. Muno m'Blantyre mphepo ya chiperoni imaomba m'miyezi yozizira, ndipo ikaomba pa maikolofoni yamaliseche imamveka ngati bingu. Chipewa chake chasiponji ndi chotsika mtengo. Chisasowe m'thumba la zipangizo. Nthambo zabwino ndi za mano atatu zotchedwa XLR, chifukwa zimayenda mtunda wautali osatola kung'ung'udza kwa magetsi. Ngati maikolofoni ndi yopanda nthambo, ikani mabatire atsopano pa msonkhano uliwonse, ndipo ina yanthambo ikhale chire pambali.

Chachitatu, magetsi. Tonse tikudziwa kuti magetsi amatha kuzima nthawi ina iliyonse, choncho amene akonza msonkhano popanda jenereta kapena batire yagalimoto yodzaza wakonza theka lokha. Jenereta iikidwe kutali ndi nsanja, kuseri kwa khoma, kumene mphepo ikupita, kuti phokoso lake lisalowe m'maikolofoni. Isalowe m'nyumba kapena m'holo, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wopanda fungo umene umapha anthu mwakachetechete. Poyatsa zipangizo, ampulifaya ikhale yomalizira. Pozimitsa, ikhale yoyamba. Mukatero, kugunda kumene kumang'amba zimkuzamawu sikuchitika. Magetsi akazima, zulani mapulagi, chifukwa pobwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoposa muyezo. Magetsi athu ndi a mavoliti 230, okwanira kupha munthu. Nthambo zosendeka zolowetsedwa m'soketi ndi timitengo, kapena zogona m'matope nthawi ya dzinja pamene ana akuthamanga opanda nsapato, ndi ngozi imene mtsogoleri aliyense ayenera kuiletsa pomwepo.

Tsopano ndifike pa zojambula. Pamene wailesi ya MBC idayamba ntchito mu 1964, ndiponso pamene wailesi yakanema ya Television Malawi idatsegulidwa mu 1999, kujambula kudali m'manja mwa anthu ochepa ophunzitsidwa bwino, a ku Chichiri ndi ku Kwacha. Lero mlembi aliyense ali ndi makina ojambulira m'thumba mwake, ndiwo foni ya m'manja. Makina adafalikira, koma mwambo wa ntchitoyo sudafalikire nawo limodzi.

Chachinayi tsono, kujambula mawu. Owonera amakhululukira chithunzi chosawala bwino, koma mawu osamveka sawapirira. Wojambula amene waima kumbuyo kwa chikhamu amatola kukhosomola, kulira kwa makanda ndi mahutala a minibasi, pamene woyankhula akumveka ngati ali m'chitsime. Senderani pafupi. Njira yabwino koposa ndiyo kutenga mawu ndi nthambo kuchokera pa makina osakanizira mawu. Ikalephereka, panani kamaikolofoni kakang'ono pa malaya a woyankhula, chikhatho chimodzi kunsi kwa chibwano. Yang'anirani muyezo wa mawu: pamene munthu wakweza liwu, muyezowo ufike pakati pa -12 ndi -6 dB, usagunde pa 0. Mawu otsika pang'ono angathe kukwezedwa pambuyo pake, koma osweka chifukwa chopitirira muyezo sakonzeka. Madzi akatayika saoleka. Wojambula avale zomvetsera za m'makutu kuyambira poyamba mpaka pamapeto, pakuti kujambula osamvetsera kuli ngati kuphika ndiwo osalawa mchere. Ngati mukujambula ndi foni, tsekani netiweki, kuti wina asakuimbireni pakati pa mfundo yaikulu.

Chachisanu, zithunzi. Mphika umakhazikika pa mafuwa atatu, kameranso imakhazikika pa choimikira cha miyendo itatu. Ngati palibe, tsamiritsani zigongono pa tebulo kapena pa khoma. Gonekani foni chopingasa ngati kanemayo adzaonetsedwa pa wailesi yakanema. Chithunzi chilichonse chikhale masekondi khumi osagwedezeka, ndipo m'malo mokoka chithunzi ndi zala, yendani ndi miyendo kufika pafupi. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula kapena cham'mbali pang'ono. Woyankhula akaima mumthunzi wa tenti, kumbuyo kwake kuli thambo lowala, kamera imatsata thambolo ndipo nkhope yake imada bii. Sunthani kuti kumbuyo kukhale mitengo, khoma kapena phiri, n'kuyeza kuwala pankhope. Dzuwa la pamutu limaika mithunzi m'maso, kotero kuti mafunso apadera ndi bwino kuwajambula mumthunzi, kapena m'mawa ndi madzulo.

Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Magetsi a m'dziko muno amasinthasintha ka 50 pa sekondi, pamene a ku America amasintha ka 60. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa zithunzi 30 pa sekondi, zogwirizana ndi magetsi a kumeneko. N'chifukwa chake mukajambula m'holo, pansi pa nyali zina, mumaona mizere ikuyenda kapena kuwala kukuphethira. Ngati makina anu alola, tcherani pa 25 kapena 50, ndipo vutolo lidzachepa kwambiri. Musaiwalenso ulemu: odwala pachipatala cha Ndirande kapena cha Zingwangwa, ana a sukulu ndi anthu amene agwa m'mavuto sajambulidwa popanda chilolezo chawo kapena cha makolo awo.

Chachisanu ndi chimodzi, kusunga. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za makolo athu, ndipo nyimbozo zikumvekabe lero chifukwa adalemba dzina la woimba, malo ndi chaka, n'kuzisunga mosamala. Zili ku International Library of African Music ku Rhodes University m'dziko la South Africa. Gerhard Kubik adajambula kanema wa Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967, ndipo m'badwo umene sudawaone ukutha kuona kaimbidwe kawo. Ife tili ndi makina oposa awo, koma zojambula zathu zambiri zimafera m'foni ya munthu mmodzi, imene mawa ingabedwe kapena kugwera m'madzi. Chojambula chilichonse chikopedwe tsiku lomwelo ndi kusungidwa m'malo awiri osiyana, chitalembedwa tsiku, malo ndi woyankhula. Chimene chajambulidwa pantchito ya ofesi ndi katundu wa ofesi, ndipo munthu akasamutsidwa achisiye m'manja mwa womulowa m'malo. Zipangizo nazonso zipukutidwe fumbi la mu Okutobala, zisungidwe pouma nthawi ya mvula, mabatire atachotsedwa, nthambo zitakulungidwa mozungulira osati mopinda.

Amayi ndi abambo, zonsezi sizifuna ndalama zambiri ayi, zimafuna dongosolo. Pempho langa ndi lakuti komiti iliyonse yokonza msonkhano isankhe munthu mmodzi woyang'anira za mawu, monga momwe imasankhira woyang'anira mipando ndi zakudya. Munthuyo afike pabwalo maola awiri anthu asanasonkhane, ayatse zonse, kenaka mnzake ayankhule pa maikolofoni iye akuyenda kufika kumapeto kwenikweni kwa bwalo. Ngati pamenepo akumva liwu lililonse, zinthu zili bwino. Ngati sakumva, nthawi yokonza ikadalipo. Ndipo inu akuluakulu, mumupatse mphamvu yokuuzani kuti senderani pafupi ndi maikolofoni, pakuti mutu umodzi susenza denga. Agogo amene achokera kumtunda kwa Ndirande kapena kumapeto kwa Machinjiri, n'kukhala padzuwa maola atatu, ayenera kubwerera kwawo atamva chimene tidawaitanira.